Mafunso ndi Mayankho: Kodi setifiketi ya ukochi imakalamba?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina m'dera la Lizulu ku Ntcheu, ndipo kwa zaka 9 ndakhala ndikuchititsa mafizo timu ya anyamata ya mpira wamiyendo komanso ya atsikana ya ntchemberembaye. Ndinachitapo maphunziro a ukochi a sabata ziwiri ndipo setifiketi yake ndili nayo. Posachedwapa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ine ndemwe, yemwe tsopano ali ku koleji, anandiuza mwaulemu kuti zina zimene ndimachita, monga kukoketsa ana minofu kwa nthawi yaitali asanalowe m'bwalo ndiponso kuwaletsa madzi mpaka mafizo atatha, zinasiyidwa kalekale. Mawuwa anandikhudza kwambiri. Kodi ndiyenera kubwerera kukaphunzira? Ngati ndi choncho ndiyambire pati, poti ndalama ndi zochepa ndipo ntchito sindingaisiye?
Mphunzitsi wa masewero, Lizulu

YANKHO: Aphunzitsi, mnyamatayo wanena zoona pa mfundo zonse ziwiri, ndipo ine ndikukuyamikirani chifukwa mwalemba kalatayi m'malo momukalipira. Setifiketi yanu ndi umboni wakuti munaphunzira zimene zinkadziwika pa nthawiyo, koma nzeru zosamalira thupi la wosewera zimasintha kafukufuku watsopano akatuluka. N'chifukwa chake bungwe la ku America la National Strength and Conditioning Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1978 ndipo limapereka setifiketi yotchuka ya CSCS, ya akatswiri olimbitsa thupi la osewera, kuyambira mu 1985, limafuna kuti aliyense wokhala ndi setifiketiyo azionetsa pa zaka zitatu zilizonse kuti wachita maphunziro oonjezera okwana maola 60, apo ayi setifiketi yake imatha mphamvu. Lamulo limeneli limagwira ngakhale makochi a matimu olemera kwambiri, choncho kubwerera kukaphunzira si chizindikiro chakuti munalephera ntchito.

Tiyambe ndi zimene mwatchula. Kukoka mnofu umodzi osasuntha kwa nthawi yopitirira mphindi imodzi wosewera asanathamange kumachepetsako mphamvu yodumphira ndi yofulumirira kwa kanthawi, ndipo pakokha sikuteteza kwenikweni kuvulala. Chimene chimalimbikitsidwa masiku ano ndi kutenthetsa thupi mwa kuyenda, kuthamanga pang'onopang'ono, kukweza mawondo, kutembenuka ndi kudumpha, liwiro likukwera pang'onopang'ono. Kwanuko ku Lizulu, monganso pa boma la Dedza lomwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mphepo ya mu Juni ndi Julaye imaumitsa thupi, kotero ana amafunika nthawi yokwanira yotenthetsa thupi asanayambe kuthamanga mwamphamvu. Za madzi ndiye musazengereze n'komwe. Kumana mwana madzi sikumulimbitsa, koma kumamufooketsa ndi kumuika pachiopsezo chokomoka ndi kutentha, makamaka timu ikatsikira kukasewera ku Golomoti kapena ku Mtakataka m'mwezi wa Okutobala. Chidebe cha madzi aukhondo chizikhala m'mbali mwa bwalo tsiku lililonse la mafizo.

Pali chitsanzo china chimene ndimakonda kuuza makochi amene amaopa kusintha. Dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, ndiye anayambitsa mu 1978 malangizo otchuka akuti munthu akabinya azipumula ndi kuikidwa madzi oundana pamalo povulalapo. Mu 2014 dokotala yemweyo analemba poyera kuti madzi oundana ndi kupumula kopanda kusuntha konse zingachedwetse kupola. Lero akatswiri amalangiza kuti wovulala ateteze malowo masiku oyambirira, kenaka ayambe kuwagwiritsa ntchito pang'onopang'ono malinga ndi ululu. Ngati mwini malangizo anatha kuwakonzanso patapita zaka 36, inenso ndi inu tingathe kukonza zathu.

Tsopano za poyambira. Ine ndinganene kuti musayambe ndi kufunafuna pepala lalikulu, koma muyambe ndi maphunziro a chithandizo choyamba, chifukwa ndiwo amene angapulumutse moyo. Dziko lonse linaona Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon akugwa m'bwalo ku Lyon mu 2003 n'kumwalira ndi vuto la mtima, ndipo linaonanso Christian Eriksen wa ku Denmark akugwa ku Copenhagen mu 2021 koma n'kupulumuka chifukwa anathandizidwa m'mphindi zoyambirira zomwezo. Pa bwalo la sukulu yakumudzi ambulansi imakhala kutali, ndipo munthu woyamba kufika pa mwana wakugwa ndi inuyo. Muyenera kudziwa kupsinja pachifuwa ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, kuya kwake masentimita 5 mpaka 6, ndipo luso limeneli limafunika kuliyesera ndi manja pamaso pa wophunzitsa, osati kungowerenga. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba, choncho funsani kumeneko, ndipo muzibwereza maphunzirowa pakapita zaka zingapo popeza manja amaiwala. Pamodzi ndi zimenezi phunziraninso zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo: mwana amene wagundana mutu ndi mnzake n'kumaoneka wozunguzika, kumva chizungulire kapena kusanza atuluke m'bwalo ndipo asabwereremo tsiku limenelo, ngakhale masewerowo akhale a ndime yomaliza ya chikho.

Chachiwiri ndi njira zopewera kuvulala, ndipo apa pali nkhani yabwino kwa amene thumba lake ndi lopepuka. Ndondomeko yotenthetsera thupi ya FIFA 11+, yomwe inatuluka mu 2006, imatenga mphindi pafupifupi 20, ili ndi zochita 15, ndipo siifuna chitsulo chilichonse kupatula mpira ndi zizindikiro zoika pansi. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2008, wochitika pa atsikana osewera mpira pafupifupi 1,900, anapeza kuti matimu amene ankaitsatira anachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Inakonzedwera a zaka 14 kupita m'tsogolo ndipo imafunika kuchitika kosachepera kawiri pa sabata. Mkati mwake muli fizo lotchedwa Nordic, pamene wosewera amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, iye n'kumatsikira kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo kafukufuku wambiri ataunikidwa pamodzi mu 2019 anaonetsa kuti fizo limeneli limachepetsa ndi theka kuvulala kwa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Atsikana anu a ntchemberembaye, amene amadumpha ndi kuima mwadzidzidzi masewero onse, aphunzitseni kutera mawondo atapindika pang'ono ndiponso osagwera mkati, chifukwa kuduka kwa mtsempha wa m'bondo kumachitika kawirikawiri mwa atsikana kuposa anyamata. Malangizo ndi makanema a ndondomekoyi amapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo bando imodzi ikhoza kukwanira kuwasunga mu foni.

Chinthu china chimene sichifuna ndalama ndi kope. Mafizo akatha, funsani wosewera aliyense kuti anali olemera motani kuyambira pa 0 mpaka 10, ndipo muchulukitse nambalayo ndi mphindi zimene mwakhala m'bwalo. Mphindi 60 pa mlingo wa 7 zimapereka 420. Mukamalemba sabata ndi sabata mudzaona nokha pamene mwakweza katundu mwadzidzidzi, monga zimachitikira ana akabwera kutchuthi chikho chili pafupi. Muzikumbukiranso kuti mwana amene wapalira mbatatesi m'mawa kapena wayenda mtunda wautali kudza kusukulu wagwira kale ntchito yolemetsa thupi, ndipo mabuku ochokera kunja sawerengera zimenezo. Pamenepa ndi pomwe zaka zanu 9 zili ndi phindu limene mnyamata wa ku koleji uja sanalipeze.

Za mapepala, bungwe la Football Association of Malawi limachititsa maphunziro a malaisensi a CAF, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo mu Africa, ngakhale kuti kwenikweni ndi a ukochi wa mpira ndipo nkhani ya kulimbitsa thupi imangokhala gawo lake. Ofesi ya zamasewero ku khonsolo ya Ntcheu ndi malo abwino ofunsirako za maphunziro amene akubwera, kuphatikizapo a Netball Association of Malawi ndi a Malawi Olympic Committee. Amene akufuna kuzama angaganizire digiri ya sayansi ya zamasewero ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo. Pakadali pano, tchuthi chikubwerachi muitaneni mnyamata uja kuti adzachititse nanu mafizo, inu mukuyang'ana ndi kulemba.

FUNSO: Ndimayang'anira kajimu kakang'ono pa boma la Dedza. Pa Facebook ndaona olengeza setifiketi ya wophunzitsa kunyamula zitsulo, yotheka m'masiku awiri okha. Kodi ndilipire? Komanso anyamata amandifunsa za mankhwala okulitsa minofu.
Woyang'anira jimu, Dedza

YANKHO: Bambo, musanatumize ndalama funsani kuti bungwe lopereka setifiketiyo ndi liti, ngati pali mayeso enieni, ngati pali woyang'ana mmene mukuphunzitsira munthu kunyamula, komanso ngati amafuna umboni wa chithandizo choyamba. Mayankho akakhala osamveka, sungani ndalamazo. Masiku awiri angakupatseni chidziwitso pa mutu umodzi, koma sangakusandutseni katswiri woika chitsulo cholemera pamsana wa mwana wa mwini. Dziwaninso kuti chikhulupiriro chakuti zitsulo zimapinimbiritsa achinyamata chilibe umboni, malinga ngati kulemera kwake ndi koyenera msinkhu ndipo pali wamkulu wodziwa amene akuyang'anira.

Pa nkhani ya mankhwala ndikupemphani kuti mukhale wolimba mtima. Mankhwala a mtundu wa steroid amaononga chiwindi ndi mtima, amasokoneza mphamvu yobereka, ndipo ndi oletsedwa m'masewero. Bungwe la World Anti-Doping Agency limakonzanso mndandanda wa mankhwala oletsedwa chaka chilichonse, ndipo watsopano umayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale, kotero zimene munawerenga zaka zitatu zapitazo sizokwanira lero. Bungwe lomweli lili ndi maphunziro aulere a makochi pa tsamba lake la ADEL. Yambani ndi amenewo, ndipo anyamatawo muwauze kuti soya, nyemba, mazira, usipa ndi mkaka zopezeka pa msika wa Dedza, pamodzi ndi tulo tokwanira, ndizo zimamanga mnofu umene akuufunawo.