Pachithunzipa pali ng'azi kapena gondwa?

Funso: Ndili ndi chithunzi chakale cha buluzi wamkulu chojambulidwa pamanja, pansi pake palembedwa *Tupinambis albigularis*. Kodi ndi ng'azi? — Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Ayi bambo, ameneyo ndi gondwa. Dzinalo analipereka ndi Daudin, katswiri wa zinyama wa ku France, mu 1802, ndipo lero ndi *Varanus albigularis*. Ng'azi ya m'mitsinje Linnaeus, katswiri wa zachilengedwe wa ku Sweden, anaitcha *Lacerta nilotica* mu 1766.

Kuti mutsimikize, tengani galasi lokuza zinthu muyang'ane mutu. Gondwa ali ndi mphuno yotukuka, bowo lake ndi long'ambika mopendekera, pafupi kwambiri ndi diso. Ng'azi ili ndi mutu wosongoka, bowo lozungulira lili chapakati pa diso ndi nsonga ya mphuno. Kenako yezani mchira ndi thupi pogwiritsa ntchito ulusi. Mchira wa ng'azi ndi wophwatalala m'mbali posambirira, ndipo kutalika kwake ndi ngati thupi limodzi ndi theka. Wa gondwa umangoposa thupi pang'ono.

Mtundu wa utoto wokha musaudalire. Ojambula ambiri ku Ulaya ankaonera zikopa zouma kapena nyama zosungidwa mu sipiliti, zomwe zinali zitasuluka kale, ndipo utoto ankapaka ndi anthu ena pambuyo posindikiza. Chonde chithunzicho musachipachike padzuwa, utotowo ungafufutike.