Moto supha poizoni wa chuku, achemwali

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kuti wayamba kupanga chiponde cha m'mabotolo, ndipo venda wina akumupatsa mtedza wosweka pamtengo wotsika, wina wake woderako. Funso lake ndi ili: "Poti ndimaukazinga mpaka kufiira, kodi zoipazo sizifera pamoto?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanayankhe, chifukwa mawu omwewa ndinawanenapo ine ndi pakamwa panga.

Ndinakulira ku Mchinji, kumene mtedza ndiye ndalama ya sukulu, ya sopo ndi ya chitenje. Tikatha kuswa, agogo ankakhala pamphasa ndi lichero pamiyendo, n'kumasankha. Wonenepa, wosalala khungu, unkalowa m'thumba la kumsika. Wonyala, wosweka, wobooka ndi tizilombo ndi uja wakuda m'kati unkagwera m'kabeseni kapambali. Kabeseni kameneko ndiko kanali kathu. M'menemo ndimo munkachokera nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mng'ono wanga. Agogo sankatida ayi, ankatikonda kuposa moyo wawo. Kungoti kwathu chakudya sichitayidwa, ndipo palibe anawauzapo kuti chomwe akupulumutsacho chingadwalitse mwana.

Nditabwera ku Lilongwe n'kugula kamakina kogayira chiponde, mtima womwewo ndinabwera nawo. Tsiku lina ndinagula matumba awiri kwa venda amene anandichotsera mtengo mosavuta. Nditafika kunyumba n'kupisa dzanja m'thumba, m'kati munali mofunda ngati m'khola la nkhuku, ndipo munkatuluka kafungo ka m'chipinda chodontha. Ndinadziwa chomwe chinachitika: anauwaza madzi. Ena amatero kuti makoko afewe poswa, ena kuti ulemere pasikelo. Ndinauyanika tsiku limodzi, n'kuukazinga kwambiri, n'kugaya. Mabotolo onse anagulidwa. Mmodzi mwa ogula anali mayi woyandikana nane, amene ankathira chipondecho m'phala la mwana wake wa chaka chimodzi, ndipo ankandithokoza m'mawa uliwonse. Patapita miyezi, mnzanga amene anaphunzira za zakudya atandifotokozera za chuku, nkhope ya mwana ameneyo ndiyo inandibwerera. Usiku umenewo sindinagone.

Nkhani yake ili motere. Chuku chimene chimamera pa mtedza ndi pa chimanga chonyowa chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Moto umapha chukucho, koma poizoni amene chasiya amapirira kutentha kwa chiwaya. Kukazinga kumangomuchepetsako, sikumuthetsa. Iyeyo payekha saoneka, sanunkha, ndipo mtedza wooneka bwinobwino ungakhale naye. Choipa kwambiri kwa ife a chiponde n'chakuti sagawikana mofanana. Njere zochepa zovunda zimasenza poizoni wambiri, ndiye mukazigaya pamodzi ndi zabwino, mwamufalitsa m'mabotolo onse. Munthu wokukuta mtedza amalavula njere yowawa. M'chiponde mulibe cholavula.

Poizoniyu amalimbana ndi chiwindi. Akamalowa pang'onopang'ono zaka zambiri amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B, ndipo akatswiri amamuganiziranso pa vuto la kupinimbira kwa ana. Amadutsa mpaka mu mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha msanga. Anthu anamuzindikira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Posachedwapa, mu 2024, agalu ambirimbiri anafa ku Zambia, dziko loyandikana nafe, ndipo boma litayeza ufa wa m'zigayo zina linapezamo poizoni yemweyu. Si nkhani yakutali.

Ndipo apa ndi pamene mtima umandipweteka. Kale mtedza wathu wa Chalimbana unkapita ku Ulaya ndi ulemu wake. Msika umenewo unatipulumuka, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zimatitsekera khomo mpaka lero. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa wopitirira magawo 4 pa biliyoni a poizoniyu. Choncho amene akufuna kutumiza kunja amasankha mosamala, njere ndi njere. Zabwino zimakwera sitima. Nanga zotsalazo zimapita kuti? Sizitenthedwa. Zimabwerera kumsika wathu, m'timapepala ta nsinjiro ndi m'mabotolo opanda dzina. Mtedza wosweka umene venda akukupatsaniwo, achemwali, mwina ndi umenewo: wina anaukana kale. Ndi kabeseni ka agogo kaja, koma tsopano kakula n'kukhala ka dziko lonse. Mwana wa ku London timamuteteza, wa ku Chinsapo timamupatsa zotsala. Ine izi ndikuzikana, ndipo amene amagulitsa zotsalazi akudziwa chomwe chilimo sindimuwerengera kuti ndi wabizinesi.

Mlimi sindimuimba mlandu kwambiri. Amakumba mochedwa chifukwa manja ndi ochepa, mvula ikadula msanga mtedza umavutikira m'nthaka n'kugwidwa ndi chuku usanakumbidwe n'komwe, kenako amauyanika padothi kapena padenga, mame n'kumaugwera. Alangizi akhala akuphunzitsa njira ya Mandela koko, younjika mtedza mozungulira, masamba kunja, mtedza kuloza m'kati, pakati n'kusiya mpata wa mphepo. Imathandiza. Koma mlimi wosamala ndi wosasamala akafika kwa venda sikelo ndi imodzi, mtengo ndi umodzi. Adzavutikiranji? Ogula ngati inu ndi ine ndife tingasinthe zimenezi, tikayamba kulipira mtedza wouma bwino mtengo woposa wa wonyowa.

Tsono muchite chiyani?

Mtedza wa vendayo musiyeni, ngakhale atakupatsani ulere. Pezani alimi awiri kapena atatu, kapena kalabu, muzigula wosaswa n'kuswa nokha popanda dontho la madzi. Wouma umalira m'makoko mukaugwedeza, ndipo njere yake imathetheka mukailuma. Sankhani musanakazinge, musankhenso mukapukusa makungu, chifukwa pamenepo ndi pamene madontho achikasu ndi akuda amaonekera. Zimene mwachotsazo zikwirireni, musapatse nkhuku, nkhumba kapena wantchito kuti akasinje. Matumba akhale pamatabwa, osatsamira khoma. Kenako tengani chiponde chanu mukayezetse ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loyeza ubwino wa katundu, chifukwa diso lokha silikwanira, ndiponso masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha bungweli pabotolo.

Botolo lanu lidzakwererako mtengo, ndipo ena adzathawira kotchipa. Ine anandithawa angapo. Mayi woyandikana nane uja ndinapita kukamuuza zonse, maso ndi maso, tili chiimire pampopi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati nsinjiro zimene amagula pamsika zilinso choncho. Ndinamuuza kuti azigula mtedza wathunthu, asankhe yekha, asinje yekha. Loweruka lotsatira anabwera kudzabwereka lichero langa.