Kwa achimwene a ku Nchalo ofuna kuitanitsa PCB yawo yoyamba

Achimwene, mwafunsa za pulogalamu yojambulira PCB (bolodi ya njira za mkuwa yomwe timawotchererapo tizipangizo ta magetsi), za komwe mungaitanitse, ndi za kawotchereredwe ka tizipangizo ta SMD (ting'onoting'ono tomatidwa pamwamba pa bolodi). Ndiyankhapo ziwiri zoyambazo.

Jambulani ndi KiCad, chifukwa ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, choncho bandulo yanu siithera pamenepo. Mukamaliza mumatulutsa mafayilo a Gerber, omwe fakitale imatsatira popanga bolodi, n'kuwatumiza ku fakitale ya JLCPCB kapena ya PCBWay ku China. Mabolodi asanu okhala ndi mkuwa mbali zonse ziwiri, osapitirira masentimita 10 m'litali ndi m'lifupi, amagulidwa mwina madola 2 mpaka 5, koma mtengowo usakunyengeni: ndalama yotumizira imaposa pamenepo kangapo, ndipo katundu akafika a MRA angafunenso msonkho. Ndi bwino kusonkherana anthu atatu n'kuitanitsa limodzi.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Bolodi yanga yoyamba inali yochajira foni kuchokera ku batire ya sola ya mavoti 12, ndipo ndinaikapo 7805 (kachipangizo kotsitsa mavoti kufika pa 5) yopanda chitsulo choziziritsira. Nyengo yozizira inkagwira ntchito bwino, koma mu Okutobala ku Ngabu, m'nyumba ya malata kutentha kutapitirira madigiri 40, inkazima yokha pakangopita mphindi zochepa, ndipo kuikhudza ndi chala kunali ngati kugwira khala lamoto. Chifukwa chake n'chakuti 7805 imasandutsa mavoti 7 otsalawo kukhala kutentha, ndiye foni ikamakoka theka la ampeya, mawati 3.5 amathera pakachipangizo kamodzi. Mabolodi onse asanu anapita pachabe nditawadikira milungu yambiri. Inuyo m'malo mwa 7805 muikepo LM2596, yomwe imatsitsa mavoti osatentha kwambiri, njira za mkuwa zonyamula mphamvu zambiri muzikulitse mpaka mamilimita 2, ndipo musaiwale fyuzi kumbali ya batire.

Amene akuti mungopanga bolodi nokha posungunula mkuwa ndi mankhwala a ferric chloride sakukuuzani kuti madzi ake ndi poizoni, ndipo sayenera kutayidwa pabwalo pamene mbuzi ndi ana amayenda.

Musanalipire, sindikizani chojambulacho papepala pa kukula kwake kwenikweni, muboole timabowo ndi singano, n'kulowetsamo miyendo ya zipangizo zimene mwagula kale ku Blantyre. Mwendo umodzi ukakana kulowa papepala, ukanakananso pabolodi.