Mafunso a Owerenga: Gemu yathu aichepetsera oikonza, kodi ikufa?

FUNSO

A Mkonzi, ndine mnyamata wa ku Chilomoni, ndipo kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikusewera gemu ina ya pa intaneti ndi anzanga anayi. Awiri ali konkuno ku Blantyre, mmodzi ali pasukulu ku Mzuzu, pomwe wachinayi anapita kukasaka ntchito ku Johannesburg, moti gemuyi ndiyo yasanduka bwalo lathu lochezerapo Loweruka lililonse, bandulo yausiku ikangoyamba kugwira. Mwezi wathawu kampani yomwe inaipanga inalengeza kuti ambiri mwa anthu oikonza yawasamutsira ku ntchito zina, ndipo yasiya kagulu kochepa koti kaziiyang'anira. Iwo akuti gemu ipitirira monga kale, koma anzanga awiri ayamba kale kunena zoti tisamukire kwina. Ine ndalowetsamo ndalama zochuluka ndithu pogula zovala ndi zida za anthu anga a m'gemumo. Kodi gemuyi ikufa? Nanga ndipitirize kugulamo zinthu?

Wodandaula, Chilomoni

YANKHO

Zikomo, achimwene, chifukwa cha kalata yanu. Dzina la gemuyo talisunga, pakuti zimene zakugwerani zagweranso osewera magemu ena ambiri. Gemu siifa tsiku lomwe oikonza achepetsedwa, ndipo ina imatha zaka zambiri ili m'manja mwa anthu owerengeka, koma mawu oti ipitirira monga kale musawameze onse, chifukwa kampani ikatero kawirikawiri imakhala ikutanthauza kuti maseva, makompyuta aakulu oyendetsa gemuyo pa intaneti, siizimitsa, osati kuti gemuyo izikomabe monga munaizolowerera.

Kusunga maseva ali oyaka sikufuna anthu ambiri, chifukwa zambiri zimayenda zokha, ndipo kampani yaikulu imagwiritsa ntchito akatswiri omwewo poyang'anira maseva a magemu ake onse. Chimene chimadya ndalama ndi kupanga zatsopano. Munthu mmodzi yekha watsopano wa m'gemu amafuna womujambula, womupatsa kayendedwe, womulankhulira, wolinganiza mphamvu zake kuti asapose anzake onse, ndiponso ena omuyesa kwa masabata angapo kuti asasokoneze zimene zinalipo kale. N'chifukwa chake kampani ikafuna kupulumutsa ndalama imayambira kumeneko.

Gemu ya Heroes of the Storm, imene kampani ya Blizzard inatulutsa mu 2015, inadutsa njira yomweyi, ndipo ndi yothandiza kuiyang'anitsitsa chifukwa sinagwe tsiku limodzi. Mu Disembala 2018 kampaniyo inalengeza kuti ena mwa oikonza yawasamutsira ku magemu ena, ndipo nthawi yomweyo inathetsa mpikisano wake waukulu wa Heroes Global Championship, moti anyamata omwe ankadya za gemuyo anapezeka ali pa ulova Khirisimasi ili pakhomo. Anthu atsopano a m'gemu anapitirira kubwera, koma motalikirana, mpaka womaliza, Hogger, anafika mu Disembala 2020. Kenako mu Julayi 2022 kampaniyo inanena poyera kuti sipanganso zatsopano zogulitsa, ingokonza zolakwika ndi kulinganiza mphamvu za anthu a m'gemumo pakafunika kutero. Maseva sanazimitsidwe, ndipo anthu anapitiriza kusewera. Muone kuti kuchokera pa chilengezo choyamba kufika pa chachiwiri panadutsa zaka zitatu ndi theka, kotero ngati gemu yanu ikutsata mapazi amenewa, simuyenera kuthawa mawa m'mawa.

Ina imakhalitsa kuposa pamenepo. Guild Wars yoyamba inatuluka mu 2005, ndipo mu 2013 kampani ya ArenaNet inakonza zoti mipikisano ndi zikondwerero za m'gemumo ziziyamba zokha popanda munthu wozikhalira, njira imene inaisunga yamoyo kwa zaka zoposa khumi zotsatira. Palinso Old School RuneScape, imene kampani ya Jagex inaitsegula mu 2013 kuchokera pa gemu yakale ya mu 2007 imene inali itasungidwa. Inayamba ndi kagulu kochepa kwambiri ka oikonza, koma iwo anaika lamulo loti chatsopano chilichonse chiziyamba chavoteredwa ndi osewera, ndipo chizilowa pokhapokha anthu 75 mwa 100 alionse atachivomereza. Gemuyo inakula, ndipo oikonza anawonjezeredwa. Komabe ndisakupatseni chiyembekezo chabodza: kumeneko kampani inkayamba ndi ochepa n'cholinga choti ione ngati pali phindu, pomwe kwanuko kampani yaona kale ndipo yabwerera m'mbuyo.

Ntchito imene anthu saiona mpaka italekeka ndi ya ulonda. Gemu ya pa intaneti imafuna anthu othamangitsa obera, otseka ming'alu imene akathyali amalowerapo, ndi omvera madandaulo a osewera, ndipo nkhondo imeneyi siitha chifukwa obera nawonso amakonza zida zawo tsiku ndi tsiku. Team Fortress 2, ya kampani ya Valve, inatuluka mu 2007 ndipo inalandira zatsopano zikuluzikulu komaliza mu Okutobala 2017. Pofika mu 2020 maseva ake anadzaza ndi ma bot, mapulogalamu osewera ngati anthu, amene ankawombera osaphonya ndi kusokosera m'makutu mwa osewera enieni, mpaka mu 2022 osewerawo anachita kampeni ya #SaveTF2 yopempha kampaniyo kuti ichitepo kanthu. Kusesa kwenikweni kunabwera mu 2024. Nthawi yonseyo gemu inali yamoyo pa pepala, koma mlendo woiyesa koyamba ankatulukamo osabwereranso.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa ife tili ndi vuto limene wosewera wa ku London alibe. Dziko lathu silinagundane ndi nyanja yaikulu yamchere, choncho intaneti yathu imayenda pa zingwe zodutsa m'mayiko oyandikana nafe, monga Mozambique ndi Tanzania, isanalowe m'zingwe za pansi pa nyanja. Gemu ikakhala ndi seva ku South Africa, monga momwe Valve ilili nayo pa Dota 2 ndi Counter-Strike, ping, yomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, imakhala yopiririka. Ikakhala kuti seva yapafupi ili ku Ulaya, uthenga wochoka pa kompyuta yanu kupita kumeneko ndi kubwerako nthawi zambiri umaposa mamilisekondi 150, ndipo m'gemu yowomberana zimenezi zikutanthauza kuti mnzanu wakuonani kale inu musanamuone. Osewera akayamba kuchepa, makampani amakonda kuphatikiza madera kuti otsalawo azipezana msanga, ndipo dera la anthu ochepa ndilo limamezedwa ndi lalikulu. Choncho gemu ikhoza kufa ku Chilomoni ikadali yamoyo ku Ulaya.

Masabata apitawo ndinaima m'kashopu kena ka magemu ku Ndirande, momwe anyamata atatu anali atasonkherana ndalama ya ola limodzi kuti asewere gemu ina yakale ndithu. Atadina batani losaka osewera nawo, kawotchi ka pakona kanayamba kuwerenga. Mmodzi anatuluka kukagula tchipisi pachiwaya, anabwerako, anagawira anzake, kawotchiko kakuwerengabe. Pamene masewero anapezeka, anawaphatikiza ndi akatswiri omwe mwachionekere anakulira m'gemumo, ndipo anawasesa asanapukute n'komwe mafuta m'zala. Atadinanso kachiwiri, mwini shopu anayang'ana wotchi yapakhoma n'kunena kuti, "Amwene, yatsala pang'ono, muwonjezera?" Sanawonjezere. Umu ndi momwe magemu ambiri amathera: mzere wodikira masewero ukatalika, makina osankha osewera amayamba kuphatikiza aliyense ndi aliyense kuti masewero angoyamba, atsopano amagwa ulesi n'kuchoka, ndipo kuchoka kwawoko kumatalikitsanso mzerewo.

Ndiye m'malo momvera mphekesera, tengani kope, ndipo kwa ma Loweruka anayi kapena asanu lembani nthawi imene mwadikira musanapeze masewero, ping imene mwaona, ndiponso ngati mwakumana ndi obera. Ngati manambalawo sakusintha, sewerani mtima uli m'malo. Ngati akukwera, kapena mwayamba kukumana ndi mayina omwewo usiku wonse, anzanu awiri aja akuona patali. Chizindikiro chachikulu choti mapeto ayandikira ndi pamene kampani yasiya kugulitsa ndalama za m'gemu kapena yaichotsa gemuyo m'masitolo a pa intaneti, chifukwa pamenepo nthawi zambiri kuzimitsa maseva kumakhala kwangotsala miyezi yochepa.

Pa za kugula, maganizo anga ndi oti mulekeze pomwepo. Zovala ndi zida zimene munagulazo si zanu monga momwe njinga imakhalira yanu. Mgwirizano umene tonse timauvomereza osauwerenga umanena kuti mwagula chilolezo chozigwiritsa ntchito gemuyo ikadalipo. Apex Legends Mobile inatuluka mu Meyi 2022, inapatsidwa ulemu ngati gemu yopambana ya chaka chimenecho ndi Apple komanso Google, koma pa 1 Meyi 2023 inatsekedwa, ndipo kampani ya Electronic Arts inanena kuti sibweza ndalama zimene anthu anagulira zinthu m'menemo. Amene anabwezeredwa ndi omwe anagula gemu ya Concord ya kampani ya Sony, koma n'chifukwa choti inatuluka pa 23 Ogasiti 2024 n'kutsekedwa pa 6 Seputembala, patangotha masabata awiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Poganizira kuti mitengo ya zinthuzi imawerengedwa m'madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, si nzeru kulipiriratu za miyezi yam'tsogolo kapena kuunjika ndalama za m'gemu zoti mudzagwiritse ntchito chaka chamawa. Zimene muli nazo kale zivaleni, musangalale nazo. Ndipo popeza chimene mukuopa kutaya kwenikweni ndi macheza a Loweruka ndi mnzanu wa ku Johannesburg uja, yambani kuyesa gemu ina kamodzi pamwezi muli onse asanu, kuti tsiku losamuka likadzafika musadzabalalike.

FUNSO

A Mkonzi, ine ndili ndi kashopu ka magemu ku Bangwe, ndipo makompyuta anga anayi amalumikizana. Makasitomala anga amakonda gemu ina imene eni ake anaitaya kalekale. Kodi atadzaitseka, sizingatheke kuti ndiike seva yangayanga kuti ana azisewerabe?

Mwini shopu, Bangwe

YANKHO

Bambo, zimatengera momwe gemuyo inapangidwira. Magemu ena, makamaka akale a pa kompyuta, amalola aliyense kuyendetsa seva yake, ndipo makompyuta anu anayiwo akhoza kusewera okhaokha ngakhale popanda intaneti, zomwe zingakupulumutsireninso ndalama za bandulo. Team Fortress 2 ndi imodzi mwa magemu otere, ndipo maseva a osewera eni ake ndiwo anali pothawirapo m'zaka za ma bot zija. Mu Febuluwale 2025 Valve inatulutsanso poyera zolembedwa zoyendetsa gemuyo kuti anthu azitha kupangirapo zawo. Choyamba, ndiye, fufuzani ngati m'gemu yanuyo muli malo olembedwa LAN, kutanthauza kusewera pa makompyuta olumikizana m'nyumba imodzi, kapena malo olowetsapo adiresi ya seva.

Magemu ambiri a masiku ano sali choncho. Mbali yaikulu ya gemu, monga yosunga maakaunti, yowerenga zimene wosewera wapeza ndi yophatikiza osewera, imakhala pa makompyuta a kampani, ndipo kampaniyo ikazimitsa, chimene chatsala kwa inu ndi chigoba chabe. Izi n'zimene zinachitikira The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto, imene Ubisoft inazimitsa kumapeto kwa Malichi 2024 ngakhale anthu anali ataigula ndi ndalama zawo. Mkwiyo wa nkhaniyi ndiwo unabala kampeni ya Stop Killing Games, imene anayambitsa Ross Scott, yofuna kuti makampani azisiya gemu ili yoseweredwa akamaitaya, ndipo pempho lake kwa akuluakulu a European Union linaposa masiginecha miliyoni imodzi mu Julayi 2025. Makampani ena amachita zimenezi mwa kufuna kwawo, monga anachitira a Velan Studios, amene potseka Knockout City mu Juni 2023 anatulutsa mtundu wa pa kompyuta woti anthu aziyendetsa pa maseva awo.

Pali njira ina imene osewera amatsata, yomanga seva popanda chilolezo cha eni gemu. City of Heroes inatsekedwa mu Novembala 2012, okonda gemuyo anaiutsa okha, ndipo gulu lawo lotchedwa Homecoming linapatsidwa chilolezo ndi kampani ya NCSoft mu Januwale 2024, patapita zaka zoposa khumi ndi chimodzi. Imeneyi ndi nkhani yosowa, ndipo kwa inu amene mumalipiritsa anthu pakhomo sindingakulimbikitseni kuitsata, chifukwa gemuyo imakhalabe katundu wa kampani ngakhale itaitaya, ndipo mafayilo a maseva oterewa amene amapezeka m'malo osadziwika kawirikawiri amabwera ndi mavairasi omwe angabe maakaunti a makasitomala anu. Ngati gemu yanuyo ilibe LAN, sankhani kompyuta imodzi mwa zinayizo, muikepo gemu ina imene ili nayo, ndipo muziwapatsa anawo mphindi zingapo zaulere Lamlungu masana kuti ayambe kuizolowera yakaleyo isanatsekedwe.