Za injini ya galimoto yako ija, mvera mphwanga

Eee, mphwanga, ndauona uthenga wako pagulu pano. Amayi, alongo, pepani, izi ndi za zitsulo, mukhoza kungodumpha. Ndajambula mawu chifukwa manja ali girisi yekhayekha, ndiye ndi dzuwa la ku Nchalo kuno ngakhale foni ikuwotcha m'manja.

Wafunsa kuti pafomu ya a Road Traffic, pomwe akufuna za injini, ulembepo chiyani, poti thupi la galimotoyo unawotcherera wekha, injini unagula padera ya Nissan 1400 yakale, ndiye anzako akuti ungokopera za mu blue book ya galimoto yomwe unachotsako chasisi, chitsulo chapansi chonyamula thupi la galimoto chija. Ayi ndithu, amenewo akugwetsera m'dzenje. Buku limenelo likunena za injini ina, imene mwina pano ikuyendetsa chigayo kwinakwake. Woyeza galimoto uja amatsegula boneti, tochi kumanja, n'kumawerenga chitsulo akuyang'ana pepala. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, COF, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, iwalako.

Ndiye yamba ndi nambala ya injini. Ili pa buloko, thunthu lenileni la injini, osati pa hedi, chivindikiro chake chapamwamba chija, chifukwa hedi anthu amasintha. Ufufuze m'mbali mwa bulokoyo, upeza kamalo kosalala ngati anachita kupala, kakang'ono ngati zala ziwiri. Manambala ake ndi olowa m'kati, odinda. Ukaona ena otukuka, otuluka kunja, asiye, amenewo anabadwa nawo poumba chitsulocho ndipo injini zambirimbiri zili nawo ofanana. Anyamata ambiri amagwa pamenepo.

Tsono injini yakoyo ndikuidziwa, inagona m'matope nthawi ya Freddy mu 2023, dzimbiri lilipo. Tenga palafini ndi mswachi wakale, utsuke mofatsa. Ukatero paka choko, upukute ndi chala, chokocho chitsalira m'manambalamo ndipo aoneka bwinobwino. Koma ndikupemphe, galayindala isayandikire pamenepo. Ngakhale sandipepa wokakala, ayi. Pakaoneka zokanda zatsopano apolisi saganiza za dzimbiri, amaganiza kuti wina amafufuta nambala ya injini yakuba, ndipo udzafotokoza mpaka malovu kuuma. Kenako ika kapepala pamwamba, ukhwekhweretse pensulo, nambala idzituluka yokha papepalapo. Kapepala kameneko sunga, ujambulenso chithunzi.

Polemba, lemba zonse monga zilili, kuyambira zilembo zoyamba. Ikakhaladi ya 1400 iyamba ndi A14, kenako manambala. Apa tsegula maso, chifukwa A12 ya Nissan 1200 ndi A14 ukaziika pamodzi zili ngati mapasa, ndipo wogulitsa akhoza kukuuza kuti ndi 1400 iyenso asakudziwa. Chimene chadindidwa pa buloko ndicho chikuuze. Usamalenso 8 ndi B, 5 ndi S, 0 ndi D. Ine ndinalembapo B pamene panali 8, galimoto ya kasitomala, ndinakwera phiri la Thabwa kupita ku Blantyre kawiri sabata imodzi chifukwa cha kachilembo kamodzi, mafuta a m'thumba mwanga. Alamu ako mpaka lero amandiseka nazo.

Pamene alemba kuti capacity kapena cc, akufunsa kukula kwa m'mimba mwa injini. 1400 lija ndi dzina chabe la pamsika. A14 ndi 1397. Ukapeza kuti ndi A12, ulembe 1171. Masilinda ndi 4, ukakayika werenga mapulagi. Mafuta, petulo. Wopanga injini ulembe Nissan, osati dzina lako, iwe unapanga thupi lokha, usadzikweze. Pakakhala malo a mphamvu ya injini n'kulembedwa kW, kutanthauza makilowati, usaikepo nambala ya horsepower momwe ilili, ndi miyezo iwiri yosiyana. Horsepower umachulukitsa ndi 0.746, ndiye mwachitsanzo 60 imabwera pafupifupi 45. Nambala yakeyo uitenge m'buku la galimoto yomwe munali injiniyo, osati m'mutu mwa anzako a pa siteji. Pomwe sukudziwa siya osalembapo kanthu, ukafunse ku Road Traffic konko. Bola malo opanda kanthu kusiyana ndi zofufutafufuta. Ine ndimachita fotokope fomuyo kaye, kuyeserera ndi pensulo, kenako ndiye bolopeni.

Aaa, dikira... iwe, tsitsa jekeyo pang'onopang'ono! Eya, ndimati chiyani? Za mapepala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ine si fomuyo, ndi lisiti. Unandiuza kuti munangopatsana ndalama pamanja ku Ngabu, basi. Bwerera kwa bambo anakugulitsa injini aja akadali moyo ndiponso mukadamvana. Akulembere kalata yoti anakugulitsa injini, nambala yonse ilembedwemo, tsiku, mtengo, asayine, pakhale mboni, utengenso fotokope ya chitupa chawo cha unzika. Ngati blue book ya galimoto yomwe munali injiniyo akadali nayo, imeneyo ndiye golide, jambula. Ukamalemba kalatayo nambala uwerenge wekha pachitsulo, usalole kuti iwo anene ya pamtima. Ndi mapepala amenewa ndiye upite kupolisi akaione ngati ilibe mlandu, usanakafike ku maofesi a Road Traffic ku Ginnery Corner.

Nambala ya chasisi nayo usadzidindire wekha ndi hamala ati poti galimoto ndi yako. Yomwe ilipo pachitsulo uisiye, usawotchererepo, usaikwirire ndi penti. Ukafotokoze zoona zokhazokha, kuti chasisi ndi cha uku, injini ya uku, thupi ndapanga ndekha, iwo ndiwo akuuze njira yake.

Madzulo ano ukapaka choko chija unditumizire chithunzi kumbali, osati pagulu pano, amalume angayambe kufunsa kuti liti uwatengere ku Bangula. Ndithamange, thirakitala ya eni ake ikundidikira.