Kodi Buku Lakale Kwambiri Ndilo Lonena Zoona?

FUNSO: Zikomo Akonzi. Ine ndimakhala ku Mufakose ndipo ndimasoka zovala pa sitolo ina ya nsalu mumzinda wa Harare. Eni sitoloyo ndi Ahindu, anthu okonda kupemphera. Mwana wawo anandiuza kuti mabuku awo otchedwa Veda ndi akale kuposa Baibulo, choncho ndiwo oona, komanso kuti nkhani ya Khristu inatengedwa ku nkhani ya Krishna, mulungu amene Ahindu amamupembedza. Nditafunsa mkulu wa mpingo wathu, anayankha kuti Chipangano Chatsopano chili ndi mipukutu yakale zikwizikwi, ndiye palibenso chokambirana. Kodi wolondola ndani?
Telala wa ku Mufakose

YANKHO: Bambo, pa za mabuku onse awiri akuuzani mfundo zoona, koma aliyense wayankha funso limene simunafunse. Kudziwa kuti mawu a buku anasungidwa bwino ndi nkhani ina, ndipo kudziwa kuti zimene mawuwo akunena n'zoona ndi nkhani inanso.

Pa za ukale, mnyamatayo sananame. Akatswiri ambiri amati nyimbo 1,028 za mu Rigveda, buku lakale koposa mwa ma Veda, zinapekedwa m'chinenero cha Sanskrit pakati pa zaka za 1500 ndi 1200 Khristu asanabadwe, kalekale Chipangano Chatsopano chisanalembedwe. Chimene chimandigometsa ine ndi kasungidwe kake. Kwa mibadwo yambiri nyimbozi sizinalembedwe, koma ansembe ankaziloweza pamtima, ndipo mwana ankaphunzira ndime imodzi m'njira zingapo: kuinena mosalekeza, kutchula liwu lililonse palokha, kenaka kulumikiza mawu awiriawiri mopita ndi mobwerera, kuti liwu likasowa lidziwike msanga. Ife amene agogo athu anasunga miyambi, nthano ndi mayina a mafuko popanda cholembera sitiyenera kupeputsa luso lotere, ndipo bungwe la UNESCO linalilemekeza mu 2003. Komabe mabuku a Chihindu sali ofanana onse. Mahabharata, ndakatulo yaitali ya Ahindu momwe muli mavesi 700 a ziphunzitso za Krishna otchedwa Bhagavad Gita, inakula pang'onopang'ono, moti akatswiri a ku Pune ku India anagwira ntchito kuyambira 1919 mpaka 1966 akuyerekeza makope osiyanasiyana kuti apeze mawu akale koposa.

Mkulu wa mpingo nayenso sananame. Pali zolemba pamanja za Chigiriki za Chipangano Chatsopano zoposa 5,000, ngakhale zambiri ndi za zaka mazana angapo atumwi atamwalira. Kachidutswa ka Yohane 18 kosungidwa ku Manchester kamaganiziridwa kuti n'ka m'zaka za m'ma 100, ndipo kope ya Baibulo yolembedwa pamanja yotchedwa Codex Sinaiticus, ya m'zaka za m'ma 300, ili ndi Chipangano Chatsopano chonse. Kuchuluka kwa makopewa n'kumene kumatithandiza kuona pamene okopera anasiyana. Mwachitsanzo, Marko 16:9-20 ndi nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 7:53-8:11 mulibe m'makope akale kwambiri, ndipo Mabaibulo ambiri amasonyeza zimenezi m'munsi mwa tsamba. Mkhristu asachite nazo manyazi, chifukwa kubisa n'kumene kungachititse anthu kutikayikira.

Koma makope, ngakhale atachuluka bwanji, amangotsimikizira zimene olemba analemba. Satsimikizira kuti manda a Yesu anapezekadi opanda mtembo. Momwemonso kuloweza kosaphonya sikutsimikizira chiphunzitso cha karma (choti munthu amakolola zotsatira za zochita zake) kapena kubadwanso kambirimbiri. Apa ndiye pali kusiyana kwenikweni. Ahindu ambiri amakhulupirira kuti Veda ndi mawu amuyaya opanda mlembi waumunthu, amene anzeru akale anangowamva, kotero kuti mphamvu yake sidalira tsiku kapena malo. Chikhristu chinadzimangirira pa chochitika: munthu wopachikidwa mu ulamuliro wa Pontiyo Pilato, amene dzina lake linapezeka pa mwala ku Caesarea mu 1961, ndiponso amene wolemba mbiri wachiroma Tacitus anamutchula ponena za imfa ya Khristu. Paulo, polembera Akorinto m'zaka za m'ma 50, anatchula mboni za kuuka kwa Yesu, nanena poyera kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro n'chachabe. Ine ndine Mkhristu chifukwa ndimakhulupirira mbonizo, koma ndikuvomereza kuti mbiri imatsimikiza kupachikidwa ndi kulalikira kwa ophunzira, pamene kuukako munthu amakulandira mwa chikhulupiriro.

Zoti Khristu anatengedwa kwa Krishna, zimenezo ayi. Dzina la Khristu ndi la Chigiriki, lotanthauza wodzozedwa, pamene la Krishna ndi la Sanskrit, lotanthauza wakuda. Mahabharata imati Krishna anafa atalasidwa kuphazi ndi mlenje, osati pamtanda.

Mukakhalanso pansi ndi mnyamatayo, musayambe ndi kupikisana pa zaka za mabuku. Mufunseni chimene moksha, kumasuka ku kubadwa kobwerezabwereza, kumatanthauza kwa iye ndi makolo ake, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Kenaka muwerenge naye 1 Akorinto 15 m'Buku Lopatulika lanu, mumuuze chifukwa chake mutu umenewo uli wofunika kwa inu.