Kung'amba chakutsogolo kapena chakumbuyo: yankho kwa mayi a ku Ulongue

Mayi ena a ku Ulongue andilembera kuti bambo awo akukaikidwa chiuno chachitsulo, ndipo awerenga kuti kafukufuku wapeza kuti kung'amba chakutsogolo kumaposa chakumbuyo. Akufunsa ngati aumirize dotolo.

Mayi, azakhali anga a ku Dómuè adapangidwa opaleshoni imeneyi, yakumbuyo. Atatuluka m'chipatala adauzidwa tsiku lobweranso. Sadapite. Mvula idali itagwa, msewu udali matope okhaokha, ndalama ya galimoto idapita ku feteleza wa mbatatesi. Akuyenda, inde, ngakhale amadandaula kukazizira, ndipo kuno ku Angónia mu June kumazizira zedi. Koma m'kaundula wa dotolo mulibe zonsezi. Akadakhala m'kafukufuku, bwenzi atalembedwa kuti adasowa.

Apa m'pamene ndimapsera mtima. Makafukufuku ambiri oyerekeza njirazi amakhala a odwala ochepa, pomwe kuguluka kwa chiuno chatsopano sikuchitika kawirikawiri. Mu 2014 akatswiri adafalitsa muyeso wotchedwa fragility index, wofunsa kuti: ndi odwala angati amene zotsatira zawo zikadasintha, chigamulo chonse chikadagwa? M'makafukufuku a opaleshoni ya mafupa yankho limakonda kukhala anthu owerengeka pa zala, nthawi zina ochepa kuposa amene adasowa ngati azakhali. Chisankho cha mfumu chopambana ndi mavoti awiri, mudzi wina wonse usadavote, mungachikhulupirire?

Komanso m'kafukufuku dotolo sungamubise njira imene akugwiritsa ntchito, ndipo wodwala amaona pomwe pali chipsera. Wouzidwa kuti yake ndi yamakono amadzuka msanga, ndikutero ine. N'chifukwa chake ndimadalira kwambiri makaundula aakulu a odwala oikidwa chiuno chatsopano, monga wa ku Sweden woyamba mu 1979 ndi wa ku England ndi Wales wa 2003, ngakhale kuti odwala ake sakhala pansi pamphasa kapena kuwerama ndi khasu monga bambo anu.

Ndiye mutani?

Njira iliyonse ili ndi chake. Yakutsogolo ena amachira msanga masabata oyamba, koma imatha kusiya dzanzi pantchafu ndipo dotolo amatenga nthawi kuti aizolowere. Yakumbuyo imadziwika ndi nkhawa ya kuguluka, pomwe njira yachitatu, yong'amba cham'mbali, imadziwika ndi kutsimphina. Pakatha miyezi kusiyana kumachepa. Musaumirize dotolo njira yosaizolowera. Mufunseni imene amachita kawirikawiri, mufunsenso za chimbudzi chokhalira ndi mpando wautali, ndipo ndalama ya ulendo wobwerera kuchipatala muisunge padera lero.